Mfundo Yanga Inandiulula Kumsasa wa Atsikana

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, ndipo ndimagwira ntchito yoyeza madzi mu labotale. Tsiku lonse ndimakhala pakati pa timabotolo, ndipo ndikalemba kuti madzi awa ndi abwino kumwa ndiye kuti ndawayeza kawiri. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti si ine munthu wochita zinthu mwaphuma. Koma panopa mutu waima, ndipo ndatsala ndi masabata asanu okha.

Loweruka lililonse ndimatsogolera kagulu ka masikauti, atsikana asanu ndi mmodzi a zaka 14 mpaka 16. Timakumana m'chipinda chosungira mipando kuseri kwa holo ya sukulu, ndipo onse amangonditchula kuti Anti. Kuti alandire baji yomaliza, buku la gulu lathu likuti agone kumsasa masiku awiri paokha. Asankhe okha pomanga tenti, aphike okha, adzisamale okha, popanda wamkulu wowathandiza. Mtsogoleri wawo ndi mtsikana amene anzake anamupatsa dzina loti Kampasi, chifukwa sanasocherepo. Mwezi wamawa ukatha akupita kusukulu yogonera komweko, kutali, ndipo achoka m'gulu lathu. Baji imeneyi waivutikira zaka zinayi. Akapanda kuipeza tsopano, basi yapita.

Vuto loyamba linali malo. Ndinapanga fomu yanga yoyezera: mtunda wokafika kuchipatala, madzi akumwa, ngati foni imagwira, mpanda, njira yolowera galimoto, mitengo youma imene ingagwere tenti. Ndinayendera malo khumi ndi amodzi. Kulikonse ndikangoti "popanda wamkulu," nkhope zimasintha. Woyang'anira malo ena ochitirako misasa anandidula pakamwa: "Ayi mayi, mwana akangopsa ndi tiyi mlandu ndi wathu." Ahedi a sukulu yathu anati bwalo la mpira lilipo bola alonda azikhala pafupi. Nditauza atsikana, Kampasi anati, "Anti, msasa wanji woti ukasuzumira kunja kwa tenti ukuona belu la sukulu?" Kutchalitchi anavomera, koma anati amayi awiri agone nawo m'tenti momwemo.

Pomaliza ndinapeza mlimi wina wa ng'ombe zamkaka, kunja kwa tauni pang'ono. Anayamba wakayika, koma anavomera. Ali ndi busa lotchingidwa ndi waya, loti kuchokera kunyumba kwake mumayenda mphindi zisanu. Madzi a pamjigo wake ndinawayeza ndekha. Foni imagwira. Pafomu yanga malowo anakhoza zonse.

Kenako kunabwera msonkhano wa makolo. Bambo ake a Kampasi ndi makaniko, ndipo anabwera ndi mafuta m'zikhadabo. Anati, "Anti, ine ndimakonza mabuleki. Chinthu chimathyoka tsiku limene simukuchiyang'ana. Mwana wanga wamkazi akagone kutchire popanda wamkulu? Ayi, bajiyo ikhale." Makolo ena anagwedeza mitu kuvomereza. Nditaona kuti zonse zikugwa ndinati, "Ndidzakhalapo, koma ana asadziwe." Onse anasaina. Kwa atsikana ndinati, "Mukhala nokha. Ndikusiyani pageti Lachisanu, ndidzakutengani Lamlungu." Kunena zoona ndinadziona wanzeru. Makolo anali okhutira, ana anali okhutira.

Nditawasiya pageti ndinazungulira kuseri n'kukalowa m'nyumba yosungira chakudya cha ng'ombe. Ndinayala mphasa pakati pa matumba, buku langa m'manja, ndipo pakhoma panali mpata wa matabwa woti tenti imaoneka patali. Loweruka masana atsikana anatenga mapu n'kupita kokayenda. Ndinati ndingoona pang'ono, mphindi zisanu. Zonse zinali bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Moto anali atazimitsa ndi madzi, chakudya atapachika, mpeni uli m'chimake. Koma chingwe chimodzi cha tenti, cha mbali yochokera mphepo, chinali chitakhwefuka, ndipo kumwamba kunali kutayamba kuda. Sindikumbuka n'komwe kuti ndinaganiza. Manja anangomasula, n'kukunga, n'kumanganso. Pochoka ndinathyola kanthambi n'kusesa mapazi anga.

Aphungu, ine ndine wamanzere. Mfundo imene ndimamanga pachingwe imagona mosiyana ndi ya wina aliyense, ndipo atsikanawa akhala akuiseka kwa zaka, amati mfundo ya Anti imayang'ana kumbuyo. Komanso ndine ndemwe ndinawaphunzitsa kuti akabwerera pamsasa aziyamba aona pansi asanaponde.

Zimene zinachitika anandifotokozera pambuyo pake. Woyamba kuona anali mtsikana amene amamutcha Machesi, katswiri wokoleza moto. Anati, "Ndani amasesa busa la ng'ombe?" Anadziwa kuti munthu walowa. Anaimba wezulo, anawerengana, anaima pamodzi monga ndinawaphunzitsira. Wamng'ono pa onse anayamba kulira. Ndiye Kampasi, poyendera tenti kuti aone ngati chabedwa chilipo, anaiona mfundo ija.

Cha m'ma 4 koloko ndinamva "Odi!" Nditatsegula ndinapeza onse asanu ndi mmodzi ali pamzere, Kampasi atanyamula chingwe chija, mfundo ili momwemo. Anati, "Anti, mwaiwala mfundo yanu." Machesi anati, "Mukanabwera ndi shuga bwenzi takukhululukirani, wathu watha." Ena anaseka. Kampasi sanaseke. Anangofunsa kuti, "Ndiye zonse zija zinali sewero?"

Anabwerera n'kukamaliza msasa wawo. Koma mkulu woyesa ngati ayenera kulandira baji atabwera Lamlungu, Kampasi yemweyo ndiye anaulula zonse, za nyumba ya chakudya cha ng'ombe ndi za chingwe. Ine ndinayesa kunena kuti inali mfundo imodzi yokha. Mkuluyo anati, "Mayi, imodzi kapena khumi, munawathandiza. Abwereze." Mpaka lero sindikudziwa ngati ndikumunyadira mwanayo kapena ndamukwiyira.

Tsopano ndabwerera poyambira. Mlimi uja akuti ng'ombe zake zabereka ndipo busa lija waikamo ana a ng'ombe. Ndatsala ndi malo awiri. Oyamba ndi bwalo la sukulu lija, limene atsikana akulikana. Achiwiri ndi a bambo wina amene ndinamumva kudzera kwa mnzanga wa kuntchito. Ali ndi malo okongola kuchigwa, mitengo ndi kamtsinje. Nditapitako anati, "Abweretseni, ine ana ndimawakonda. Inu musavutike n'kubwera, ndiziwaona ndekha. Kuno ngakhale foni sigwira, adzakhala paokha zenizeni." Pa anthu onse amene ndafunsa, ndi yekhayo amene sanakayikeko. Kampasi ataona zithunzi anati amenewa ndiye malo. Koma mtima wanga sukukhazikika, ndipo sindikutha kunena chifukwa chake. Ine sindikhulupirira zinthu zimene sindingathe kuziyeza.

Bambo ake a Kampasi akuti asainanso pokhapokha ndibisalenso. Anati, "Ulendo uno bisalani bwino, Anti, manja muike m'thumba." Kampasi naye akuti, "Mukabweranso mobisa, bajiyo sindikuifuna." Loweruka lapitali anandipatsa moni ngati mlendo. Amuna anga akuti ndizisiye, ana si anga.

Ndiye ndithandizeni. Kodi malo oti ana agone paokha amapezeka kuti, poti aliyense wanzeru akukana ndipo wovomera yekhayo akundidetsa nkhawa? Ndibisalenso? Ndiwatumize kuchigwa? Kodi ndinalakwa kumanga chingwe chija pamene mvula inagwadi madzulo ake? Ndawerenga buku lathu katatu ndipo ndasokonezeka kuposa poyamba.

T. M., m'tauni muno


Mayi T. M.,

Tiyambe ndi chimene sichingadikire. Malo a kuchigwa afufuteni lero. Mukuti simungathe kuyeza chimene chikukudetsani nkhawa, koma mwachiyeza kale. Tengani fomu yanu yomwe ija. Foni sigwira, ndiye malowo alephera pamzere wachitatu. Mwini wake simukumudziwa, makolo sakumudziwa, ndipo chinthu choyamba chimene wapempha n'choti inu musabwere. Sindikunena kuti bamboyo ndi woipa, sindinamuonepo. Mwina ndi munthu wokoma mtima amene sanaganize bwino. Koma wamkulu amene akuti aziona yekha atsikana asanu ndi mmodzi, kumalo kopanda foni, mtsogoleri wawo palibe, yankho lake ndi ayi. Simufunika umboni wina, ndipo simufunika kupepesa.

Tsopano kwa inu. Vuto lanu si malo. Malo abwino munawapeza kale, ndipo atsikana anagonako bwinobwino. Chimene chinagwetsa msasa uja ndi malonjezo awiri otsutsana, lina kwa makolo, lina kwa ana. Pafomu yanu panasowa mzere umodzi: kodi aliyense akudziwa zofanana?

Mwafunsa ngati mubisalenso. Ayi, ndipo chifukwa chake si ulemu wokha. Taganizani. Mwana akanadzitema ndi nkhwangwa Loweruka lija, anzake akanathamangira kuti? Kumsewu kapena kunyumba ya mlimi, kudutsa pakhomo pamene inu munali, osadziwa kuti thandizo lili pompo. Wamkulu wobisala si mlonda. Ndi munthu wongoonerera. Ndipo pali china choopsa kwambiri. Atsikana anu anaona kuti munthu walowa pamsasa ndipo anachita zonse molondola. Mukabisalanso, tsiku lina adzaona mapazi achilendo n'kuseka kuti, "Asiyeni, ndi Anti." Mudzakhala mwafafaniza phunziro labwino koposa limene munawapatsa. Auzeni bambo ake a Kampasi zimenezi. Munthu wokonza mabuleki adzamva msanga kuipa kwa chenjezo limene anthu azolowera kulinyalanyaza.

Buku lanu sindinaliwerenge, koma kalata yanu ndaiwerenga bwino. Mkulu woyesa anauzidwa zinthu ziwiri, kuti munali pafupi ndiponso kuti munamanga chingwe. Iye anadandaula chimodzi chokha: munawathandiza. Choncho sabata ino mufunseni funso limodzi, ndipo ayankhe polemba. Kodi msasa uwerengedwa ngati akuluakulu ali pamalo odziwika kunja kwa malire, osalowa, osathandiza, pokhapokha pachitike ngozi? Ndikuganiza kuti avomera. Akakana, ndiye kuti vuto ndi lamulolo osati inu, ndipo mukalitengere kwa akuluakulu a gulu lanu. Musaike ana pachiswe pofuna kulikwaniritsa.

Mukapeza yankho, itanani msonkhano umodzi, makolo ndi atsikana m'chipinda chimodzi, pamipando yanu ija. Yambani inu, ndipo yambani ndi ana. Nenani kuti, "Ndinakunamizani, ndipo ndinakuopsezani. Pepani." Musaikepo "koma." Za mvula musazitchule n'komwe. Mwafunsa ngati munalakwa kumanga chingwe pamene mvula inagwadi. Munalakwa. Tenti ikanagwa mbali imodzi, mabulangete akananyowa, Machesi akanalalata, ndipo akanaphunzira kukunga chingwe moti sakanaiwalanso. Zimenezo n'zimene anapitira kumeneko.

Pamsonkhano womwewo gwirizanani dongosolo limodzi lodziwika kwa onse. Akuluakulu akhale awiri, inu ndi mayi wina mmodzi wa ana omwewo, pamalo amene atsikana awaona ndi maso awo, poti wezulo amamveka. Atsikana amange chingwe cha malire kuzungulira msasa wawo. Mkati ndi mwawo. M'mawa ndi madzulo azikweza mbendera kusonyeza kuti zonse zili bwino. Akhale ndi foni imodzi yodzaza moto, yomatidwa mu envelopu, yotsegula pangozi pokha. Ndipo zifukwa zimene inu mungadumphire chingwecho alembe ndi atsikanawo, makolo awonjezere: mbendera ikapanda kukwera, wezulo akalira katatu, moto ukapulumuka, mlendo akayandikira, mphepo kapena madzi zikafika poopsa. Chingwe chokhwefuka chisakhalepo pamndandandawo. Bambo ake a Kampasi apatseni ntchito, akhale wa galimoto, foni ili chitsegulire masiku onse awiri. Kholo limene lili ndi mbali yake silivuta kusaina.

Nanga malowo? Ndikukayikira kuti zitseko zambiri munazitseka nokha ndi mawu awiri aja, "popanda wamkulu." Munthu aliyense wosamala akamva zimenezo amakana, ndipo amachita bwino. N'chifukwa chake anatsala wovomera mmodzi yekha, wolakwikayo. Bwererani kwa ena mwa khumi ndi mmodzi aja ndi mawu atsopano: "Akuluakulu awiri tikhala pano pageti usana ndi usiku, ana akhala uko, sitilowa pokhapokha atiitane." Woyang'anira malo a misasa uja mwina asintha maganizo. Amayi a kutchalitchi mwina avomera kugona m'holo m'malo mwa m'tenti. Mlimi uja musamusiye msanga. Wakuonani kale mmene mumasamalira malo, ndiye mufunseni ngati ali ndi ngodya ina, kapena mnansi amene angamuikire umboni. Funsaninso atsogoleri a magulu ena a masikauti kumene iwo amapita, malo ophunzitsira zaulimi, nazale za mitengo, ndi sukulu za kunja kwa tauni zimene zili ndi nkhalango yaing'ono. Malo abwino sapezeka kawirikawiri kwa mlendo wochereza. Amapezeka kwa munthu amene wina mwa inu akumudziwa kwa zaka, ndipo amakonda kuyamba n'kukufunsani mafunso ovuta. Kulikonse kumene mungasankhe, dziwani aliyense wogona kapena wogwira ntchito pamalopo, ndipo onse auzidwe kuti chingwe cha malire sadumpha.

Ndipo musafufuze nokha. Jambulitsani fomu yanu, mupatse Kampasi. Atsikana afunse kwawo za minda ya achibale, alembe okha makalata opempha, apereke okha mamalikisi. Koyendera malo muzipita nawo, masana, ndipo mawu omaliza ndi anu ndi makolo. Mudzaona kuti Kampasi akadzafika pamzere wa foni, malo a kuchigwa adzawafufuta yekha. Mwana amene anaulula zoona pamaso pa woyesa, akudziwa kuti baji ikumupulumuka, si mwana woti mumubisire zifukwa. Mumunyadire. Mkwiyo mukuumvawo ndi manyazi chabe, ndipo adzatha mukapepesa.

Dziikireni malire a nthawi. Masabata atatu akatha malo asanapezeke, tengani bwalo la sukulu, kumapeto kwenikweni, tenti ifulatire belu. Msasa woona belu koma wopanda bodza uli ndi ufulu wochuluka kuposa nkhalango imene Anti abisalamo. Amuna anu akunena zoona kuti ana si anu. N'chifukwa chake simungawatumize kulikonse, ngakhale baji itapita.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili. Tsikulo likadzafika mudzakhala pampando wanu poyera, ndipo mudzaona patali chinachake chopendekeka. Mwina mphika, mwina chikhomo, mwina chingwe chomwe chija. Mitambo idzayamba kuda. Yang'anani mndandanda umene ana analemba. Ngati chinthucho palibe, khalani pansi, tsegulani buku lanu, ndipo dzanja lamanzerelo mulikhalire.

Aphungu